Mabuku a macrobiotic: loyamba kuwerenga ndi liti, loti lidikire kaye ndi liti

Alamu anga amene amagwira ntchito ku Leeds ananditumizira chithunzi pa WhatsApp mwezi wathawu. Anali atandandalika mabuku asanu pabedi, onse a kaunjika, ena makona atapindikapindika, ogula motchipa pa shopu yogulitsa zinthu zakale. Pansi pa chithunzicho analemba kuti, "Alamu, inu mumawerenga zoterezi, ndiyambe ndi liti? Shugayu wanditopetsa." Nditakulitsa chithunzicho ndinaona maina amene ndimawadziwa bwino: George Ohsawa, Michio Kushi kawiri, Aveline Kushi, ndi Anthony Sattilaro. Mtima unandigunda pang'ono, chifukwa pa mabuku asanuwo panali lina loti lingawathandize mawa lomwe kukhitchini, komanso lina loti munthu wodwala shuga akalitsatira mmene linalembedwera akhoza kugonekedwa m'chipatala.

Mabuku asanu onsewo ndi a macrobiotic, kadyedwe kochokera ku Japan kotsamira pa zambewu zathunthu, masamba ndi nyemba. Mabuku a macrobiotic amaphika zinthu zitatu mu mphika umodzi: kaphikidwe, malonjezo a machiritso, ndi chiphunzitso cha moyo wauzimu. Zitatuzi sizilemera mofanana. Kaphikidweko n'kabwino ndipo kambiri kamagwirizana ndi zimene madokotala amalangiza lero. Zauzimuzo zili ndi phindu lake kwa amene akuzifuna. Koma malonjezo a machiritso ndiwo apweteketsa anthu. Choncho posankha buku, funso langa limakhala lakuti: mwa zitatuzi, chachuluka m'bukumu n'chiti?

Kumene nkhaniyi inachokera

Dzina loti macrobiotic ndi la Chigiriki, makros ndi bios, kutanthauza moyo wautali kapena waukulu, ndipo dokotala wa ku Germany, Christoph Wilhelm Hufeland, analigwiritsapo ntchito kale pa buku lake la katalikitsidwe ka moyo. Koma kadyedwe kamene tikukamba kano n'ka ku Japan. Kanayamba ndi Sagen Ishizuka, dokotala wa asilikali amene anamwalira mu 1909. M'masiku ake mpunga woyera unali chakudya chaulemu, ndipo asilikali odya mpunga woyera wokhawokha ankadwala beriberi, matenda ofooketsa miyendo ndi mtima, chifukwa vitamini B1 amapita ndi gaga wa mpungawo. Nthawiyo mavitamini anali asanadziwike. Ishizuka ankafotokoza zonse ndi kulimbana kwa michere iwiri, sodium ndi potassium, ndipo ankauza odwala ake kuti abwerere ku mpunga wosachotsa gaga, masamba, nyemba ndi ndere za m'nyanja yamchere.

Aliyense amene anakulira pa nsima akumva kale nkhaniyi. Ife timakonola chimanga, kuviika mphale, kugayitsa ufa woyera mbee, gaga n'kupatsa nkhuku ndi nkhumba, kwinaku tikunyoza mgaiwa kuti ndi wa kusukulu yogonera konko. Otsatira Ishizuka anasiya mfundo ziwiri zimene ndimazikonda kuposa zonse za m'mabukuwa. Yoyamba imati chakudya chidyedwe chathunthu, osataya khungu, gaga kapena mizu popanda chifukwa. Yachiwiri imati thupi ndi nthaka sizisiyana, ndiye kuti munthu adye zomera kumene akukhala, pa nyengo yake. Muzisunge mfundo ziwirizi, chifukwa ndi zimene tiyesere mabuku onsewa.

Ohsawa: muzu wake, koma osayambira pamenepo

George Ohsawa, dzina lake lenileni Yukikazu Sakurazawa, anabadwa mu 1893. Ali mnyamata anadwala chifuwa chachikulu, matenda amene anatenganso mayi ake, ndipo iye ankakhulupirira kuti anachira chifukwa cha kadyedwe ka Ishizuka. Moyo wake wonse unathera pofalitsa zimenezi, ku Japan, ku Paris, kenako ku America. Ndiye amene anaveka michere iwiri ija zovala za yin ndi yang, mphamvu ziwiri zotsutsana za m'nzeru zakale za ku China: shuga, zipatso, mowa ndi zamadzimadzi n'kukhala mbali ya yin, nyama, mazira ndi mchere mbali ya yang, mpunga wa bulauni pakatikati.

Buku lake lodziwika kwambiri ndi Zen Macrobiotics, ndipo lina ndi You Are All Sanpaku la mu 1965, limene William Dufty analiika m'Chingerezi. Sanpaku ndi diso limene choyera chake chimaoneka pansi pa kakuda kaja, ndipo Ohsawa ankati chimenecho ndi chizindikiro choti munthu wasokonekera thupi ndi mzimu, tsoka lili pafupi. Zimenezi zilibe umboni uliwonse wa chipatala.

Ohsawa amalemba ngati mlaliki wa pamsika, ndipo amakoka. Mmene amafotokozera munthu wathanzi n'zogwira mtima: munthu wosatopa wamba, wodya chilichonse chosavuta mokondwa, wogona tulo tofa nato, wosaiwalaiwala, wosapsa mtima, woyamika. Ndimabwererabe ku ndime zimenezi. Koma m'buku lomwelo muli makwerero khumi a kadyedwe, kuyambira -3 mpaka 7, ndipo pamwamba penipeni, pa nambala 7, munthu amadya zambewu zokhazokha, kwenikweni mpunga wa bulauni, n'kuchepetsa kumwa madzi mmene angathere. Iye ankati masiku 10 a kadyedwe kameneka amachiza pafupifupi nthenda iliyonse. Anthu ena anaona ngati kukhalitsa pa nambala 7 ndiko kuyera mtima, n'kupitiriza miyezi. Mu 1965 mayi wina wachitsikana wa ku New Jersey anamwalira atawonda mpaka mafupa okhaokha chifukwa chotsatira njira imeneyi, ndipo mu 1971 bungwe la madokotala la American Medical Association linachenjeza poyera, litaona anthu otuluka magazi m'nkhama posowa vitamini C, osowa magazi, ndi owonongeka impso. Ohsawa mwini wake anamwalira mu 1966 ndi nthenda ya mtima, ali ndi zaka 72.

Kwa alamu anga ngoziyo ndi yoonekeratu. Munthu womwa mankhwala otsitsa shuga akasintha kadyedwe mwadzidzidzi chotere, n'kumadziumiranso madzi, shuga akhoza kutsika mopyola kapena impso kuvulala. Ohsawa muwerengeni pomaliza, mutadziwa kale zina zonse, ngati mmene timamvera nkhani za agogo amene anayambitsa mudzi: mwaulemu, koma osatengera zonse.

Michio Kushi: buku lokwana zonse, ndi mabuku olonjeza zambiri

Kushi anabadwa mu 1926, anaphunzira za ndale ndi malamulo ku yunivesite ya Tokyo, ndipo anapita ku America mu 1949 mutu uli pa nkhani ya mtendere wa dziko lonse, nkhondo itangotha kumene. Anafika pokhulupirira kuti mtendere umayambira pa mbale. Iye ndi mkazi wake Aveline anakhazikika ku Boston, anatsegula shopu ya zakudya zachilengedwe ya Erewhon mu 1966, kenako sukulu ya Kushi Institute mu 1978. Ambiri mwa aphunzitsi a macrobiotic a ku America ndi ku Ulaya anadutsa m'manja mwawo.

The Book of Macrobiotics, la mu 1977, ndilo buku loti mugule ngati mukufuna kumva chiphunzitso chonse pamalo amodzi. Kushi anafewetsa za Ohsawa. M'malo mwa makwerero aja anaika mbale ya tsiku ndi tsiku: pafupifupi theka kapena kuposerapo pang'ono zambewu zathunthu, gawo limodzi mwa magawo anayi masamba ndi ndiwo zakudimba, kotsalako nyemba, ndere za m'nyanja ndi supu ya miso (soya wosasitsa ndi mchere), nsomba mwa apo ndi apo. Nyama, mkaka, mazira ndi shuga amazikana. Amakananso tomato, mbatatesi ndi mabiringanya, ati n'za yin kwambiri, pamodzi ndi zipatso za kumaiko otentha kwa munthu wokhala kozizira. Apa pali pofunika kumvetsa. Mndandanda umenewu unalembedwera anthu a ku New England, chigawo cha America kumene kuli Boston, kumene kumagwa chipale. Mabuku omwewo amavomereza kuti wokhala kotentha adye mosiyana. Ndiye mukaona munthu ku Salima akukana mango ndi nthochi chifukwa Kushi anatero, dziwani kuti waphonya mfundo ija ya thupi ndi nthaka.

Theka lina la bukuli si la zakudya konse. Muli za chiyambi cha chilengedwe, za mphamvu zozungulira zochokera kumwamba ndi pansi, za kuwerenga matenda pa nkhope ya munthu. Ena amazikonda, ine zimandilemera, ndipo za kuwerenga nkhopezo musazitenge ngati kuyezetsa. Milomo yotupa singakuuzeni zimene makina oyezera magazi angakuuzeni.

Buku lachiwiri la Kushi pa bedi la alamu lija linali The Cancer Prevention Diet, limene analemba ndi Alex Jack mu 1983. Pano ndiyenera kuchedwapo, chifukwa ndi buku limene anthu amapatsana m'bale akapezeka ndi khansa. Dzina lake likunena za kupewa, koma mkati mwake limatenga khansa imodziimodzi, kuigawa kuti iyi ndi ya yin iyi ya yang, n'kupereka zakudya zake, ndi maumboni a anthu amene akuti anachira. Limayenda limodzi ndi Recalled by Life la mu 1982, la Anthony Sattilaro, dokotala amene anali mkulu wa chipatala cha Methodist ku Philadelphia. Sattilaro anapezeka ndi khansa ya prostate itafalikira kale m'mafupa, anayamba macrobiotic, ndipo patapita nthawi zithunzi za kuchipatala sizinaonetsenso zotupazo. Ndi buku lokoma kuwerenga, lolembedwa moona mtima, la munthu wonyada amene matenda anamuphunzitsa kudzichepetsa. Koma wowerenga ayenera kudziwa zinthu ziwiri. Sattilaro anachitidwa maopaleshoni ndi kulandira mankhwala a mahomoni, amene pa khansa ya mtundu umenewu amatha kuigonetsa zaka zingapo. Ndipo khansayo inabweranso, n'kumutenga mu 1989. Bukulo linasindikizidwa nkhani isanathe.

Banja la Kushi nalo silinaphonyedwe. Mwana wawo wamkazi anamwalira ndi khansa ya khomo la chiberekero mu 1995, Aveline ndi khansa yomweyo mu 2001, ndipo Michio anachitidwa opaleshoni ya khansa ya m'matumbo asanamwalire ndi ya kapamba mu 2014. Sindikutchula izi mowatonza, maliro ndi maliro. Ndikuzitchula chifukwa mabukuwa akamati matenda ndi zotsatira za kadyedwe ka munthu, wodwala amayamba kudziimba mlandu, kuti mwina sanatafune mokwanira, mwina anabera kagawo ka keke. Ngati anthu amene anaphika ndi kuphunzitsa njirayi zaka makumi anadwala, mayi wa ku Ndirande asadzione wolephera. Khansa ya khomo la chiberekero imayamba ndi kachilombo ka HPV, ndipo Malawi ali m'gulu la maiko amene nthendayi ikupha amayi kwambiri padziko lonse. Choiteteza ndi katemera wa atsikana, amene anayamba kuperekedwa dziko lonse mu 2019, ndi kuyezetsa msanga. Supu ya miso singalowe m'malo mwa zimenezi.

Mwana wina wa a Kushi, Lawrence, ndi katswiri wofufuza za matenda ndi zakudya. Mu 2001 iye ndi anzake analemba mu Journal of Nutrition kuti mbali zambiri za kadyedweka zikugwirizana ndi malangizo opewera khansa, koma kuti nkhani yoti kamachiza khansa sinafufuzidwe mokwanira kuti munthu aitsimikize. Mabungwe a American Cancer Society ndi Cancer Research UK amanenanso kuti umboni wa machiritsowo palibe, ndipo amachenjeza kuti wodwala khansa, amene akuwonda kale, akhoza kufookeratu ndi kadyedwe komana chotere.

Chimodzimodzi buku la Kushi lokhudza Edzi ndi chitetezo cha m'thupi, la cha m'ma 1990. Linalembedwa ma ARV amphamvu asanabwere mu 1996, nthawi imene anthu ankagwira chilichonse choyandama. Ku Malawi ma ARV aulere anayamba mu 2004, ndipo tonse tikudziwa anthu amene anadzuka pa mphasa chifukwa cha mankhwalawo. Buku lililonse, la chaka chilichonse, limene lingakupangitseni kuganiza zosiya mankhwala, litsekeni.

Za ana

Palibe buku la macrobiotic lakale limene ndingalole kuti likhale mlangizi wa kadyetsedwe ka mwana. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Pieter Dagnelie ndi anzake ku Wageningen, m'dziko la Netherlands, anatsatira makanda a m'mabanja odya macrobiotic, kuwayerekeza ndi anzawo. Anapeza ana opinimbira, ochedwa kuyenda ndi kuyankhula, osowa vitamini B12 ndi ayironi, ndipo ambiri anali ndi matenda ofewetsa mafupa aja amabweretsa matewe. Atawatsatiranso atakula, ena anali akadali osowa B12 ngakhale mabanja awo anali atasintha kadyedwe. Mabuku akale ankati miso, tempeh (soya wosasitsa woumbidwa ngati keke) ndi ndere zili ndi B12 wokwanira, koma sizoona. Ofufuzawo analangiza kuwonjezera mafuta, nsomba ndi mkaka. Ife tili ndi magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene amaphunzitsidwa kusikelo, ndipo gulu la zanyama lili momwemo pa chifukwa chake. Usipa ndi matemba, odyedwa athunthu ndi mitu ndi minga zomwe, amapereka B12 ndi kashiamu, ndipo amakwaniritsa mfundo ya Ishizuka ija ya chakudya chathunthu kuposa botolo lililonse lochokera kunja.

Mabuku a kukhitchini, kumene kuli phindu lenileni

Pa asanu aja, limene ndinauza alamu kuti atsegule usiku womwewo ndi Aveline Kushi's Complete Guide to Macrobiotic Cooking, la mu 1985. Aveline anakulira kumudzi, m'mapiri a chigawo cha Izumo ku Japan, ndipo amalemba ngati mayi amene akukuonetsani ndi manja: katsukidwe ka mpunga, kadulidwe ka karoti kuti chidutswa chilichonse chikhale ndi kumutu ndi kumchira, kaphikidwe ka nyemba pamoto wochepa, kafutsidwe ka masamba ndi mchere. Ziphunzitso zilimo, koma mphika ndiwo uli patsogolo.

Chinthu choyamba chimene ndinaphunzira m'bukuli ndi gomashio, chitowe chosinja ndi mchere. Mumatsuka chitowe, kuchikazinga pa chiwaya chouma moto uli wapakati, mukutakasa osaleka, mpaka kambewu kamodzi kaziphwanyika mukakafinya pakati pa chala chachikulu ndi chala cha mphete. Mukachedwa pang'ono chimawawa. Mchere nawo mumaukazinga pawokha, n'kuupera. Muyeso wake ndi masupuni a chitowe cha m'ma 16 pa supuni imodzi ya mchere. Ku Japan amasinjira m'mbale ya mizeremizere yotchedwa suribachi, ine ndimasinjira mu kamtondo ka nsinjiro, ndipo fungo lake limafika mpaka kwa aneba. Kuwaza pang'ono pa mpunga kapena pa chisoso chowiritsa, ndiwo zosathira mafuta zimakoma, ndipo mchere umene mwadya ndi wochepa kuposa wa masiku onse.

Vuto la bukuli ndi zipangizo zake. Miso, shoyu (msuzi wa soya), umeboshi (zipatso zofutsa ndi mchere), kombu (mtundu wa ndere za m'nyanja), kuzu (ufa wa mizu wolimbitsira msuzi), zonsezi ku Leeds kapena ku Johannesburg zimapezeka koma pa mtengo wokwera, ndipo ku Mzimba kapena ku Chipata n'zosowa. Zilinso ndi pochenjera. Miso, shoyu ndi umeboshi n'zamchere kwambiri, choncho wa BP asamale. Kombu ali ndi ayodini wochuluka zedi, wosayenera kudya tsiku lililonse makamaka kwa amene ali ndi vuto la chithokomiro. Ndipo hijiki, ndere zakuda zimene mabuku akale amaziyamikira, bungwe la Food Standards Agency ku Britain linalangiza mu 2004 kuti anthu asamadye chifukwa zili ndi poizoni wa arsenic wambiri. Aveline analemba izi zisanadziwike.

Amene sakufuna kulimbana ndi maina a Chijapani angachite bwino ndi Denny Waxman wa ku Philadelphia, The Great Life Diet la mu 2007 kapena The Complete Macrobiotic Diet la mu 2015. Waxman anaphunzira kwa Kushi, koma iye amayambira pa makhalidwe osati pa mndandanda wa zoletsedwa. Khalani pansi pakudya, osadya mukuyenda kapena mukuyang'ana foni. Idyani pa nthawi yofanana tsiku lililonse. Pa chakudya chilichonse pakhale chambewu ndi ndiwo zamasamba. Lekani kudya maola atatu musanagone. Yendani mphindi 30 patsiku. Amati yambani ndi kuwonjezera zabwino, zoipazo zidzachepa zokha. Naye amakhulupirira kuti kadyedweka kamachiza zambiri, ndipo pamenepo muwerenge ndi diso lomwe lija, koma malangizo ake a tsiku ndi tsiku ngoti munthu wa shuga akhoza kuwatengera kwa dokotala wake n'kugwirizana. Likanakhala pa bedi paja, ndikanati ayambe ndi limeneli.

Alipo ena awiri oti ndingowatchula modutsa. The Hip Chick's Guide to Macrobiotics la Jessica Porter, la mu 2004, ndi lopepuka, lanthabwala, lolembera atsikana a m'tauni za ku America, ndipo limafotokoza yin ndi yang momveka kuposa eni ake. Healing with Whole Foods la Paul Pitchford, la mu 1993, si la macrobiotic kwenikweni, limatsamira pa mankhwala a makolo a ku China, ndipo ndi chibuku chachikulu chofufuziramo, osati chowerenga kuyambira tsamba loyamba.

Kwa amene akufuna chakudya cha mzimu

Ambiri amene amafunsa za mabukuwa sakufuna maresipi okha. Atopa, adwala, aferedwa, ndipo akufuna kuti kudya kukhalenso ndi tanthauzo. Kwa otere ndimanena mosabisa kuti mawu akuti Zen, dzina la nthambi ya Chibuda ya ku Japan, pa chikuto cha Ohsawa asawanamize. Yin ndi yang n'zochokera ku nzeru zakale za ku China, ndipo makwerero khumi aja si chiphunzitso cha amonke a Zen. Ofuna kumva Zen yeniyeni ya kukhitchini awerenge Tenzo Kyokun, malangizo kwa wophika wa kunyumba ya amonke, amene Dogen, mmonke wa Zen wa ku Japan, analemba mu 1237. M'Chingerezi amapezeka pamodzi ndi ndemanga za Kosho Uchiyama m'buku lotchedwa How to Cook Your Life.

Ndi kabuku kochepa, ndipo mulibe lonjezo la kuchiza nthenda ngakhale imodzi. Dogen amasimba za ulendo wake wa ku China ali mnyamata, mmene anapezera nkhalamba yophikira amonke ikuyanika bowa padzuwa loswa mtengo, yopanda chipewa, msana utapindika, thukuta lili kamukamu. Ataifunsa chifukwa chosatumira wina, nkhalambayo inayankha kuti winayo si iyeyo, ndipo atafunsanso chifukwa chosadikira dzuwa lipepe, inati nthawi yake ndi yomweyo. Dogen amaphunzitsa kuti wophika asamale mpunga ndi masamba ngati maso ake, asanyoze ndiwo zachabechabe kapena kunyadira zonona, ndipo aphike ndi mtima wachimwemwe, mtima wa kholo, ndi mtima waukulu. Nditawerenga koyamba ndinaona mayi anga akusankha nyemba pa lichero madzulo, kamwala kamodzikamodzi, nyemba zoti zidyedwa ndi alendo amene sadzadziwa n'komwe kuti zinasankhidwa. Pa mabuku onse amene ndatchula, limeneli ndi lokhalo limene ndinawerenga katatu.

Lofewa kuposa pamenepo ndi Savor la mu 2010, lolembedwa ndi mmonke wa ku Vietnam Thich Nhat Hanh pamodzi ndi Lilian Cheung, katswiri wa zakudya wa ku Harvard. Ubwino wake ndi woti mbali yauzimu ndi ya mmonke, mbali ya zakudya ndi ya wasayansi, aliyense pa ntchito yake. Limathandiza makamaka munthu amene amadya chifukwa cha nkhawa kapena kusungulumwa, vuto limene ambiri okhala kunja amalidziwa akaweruka shifiti ya usiku.

Ndikudziwa kuti owerenga ambiri ndi Akhristu ndi Asilamu, ndipo ena mtima sungawalole kutsegula buku la Chibuda kapena la yin ndi yang. Sindikuona cholakwa pamenepo, ndipo sakutaya kanthu pa nkhani ya mbale. Kwa Mkhristu, buku loyandikana kwambiri ndi zimene akufunazi ndi The Ministry of Healing la Ellen White, la mu 1905. Limatchula mpweya wabwino, dzuwa, kudziletsa, kupuma, kulimbitsa thupi, chakudya choyenera, madzi ndi kudalira Mulungu kuti ndiwo mankhwala enieni, ndipo limayamikira zambewu, zipatso, mtedza ndi masamba. Nalo ndi la nthawi yake, ndipo si zonse za m'menemo zimene sayansi ya lero ingavomereze. Koma pali kusiyana kumodzi kumene ndimakulemekeza. Mpingo wa Seventh-day Adventist sunaike chakudya m'malo mwa chipatala, unamanga zipatala, kuphatikizapo Malamulo ku Thyolo, kumene mishoni yawo inayamba mu 1902. Ndipo kadyedwe ka anthu ake kafufuzidwa kwambiri: kafukufuku wa Adventist Health Study-2 wa ku Loma Linda, amene anayamba mu 2002, anatenga anthu pafupifupi 96,000. Macrobiotic ilibe kafukufuku wa kukula kotere.

Zimene ndinayankha alamu

Ndinawaimbira Lamlungu masana, iwo atangodzuka. Ndinati, "Alamu, la Aveline liikeni kukhitchini. La Michio lalikululo muziwerenga pang'onopang'ono mukafuna kudziwa maganizo awo. La khansalo ndi la Sattilaro musabwereke munthu wodwala musanamuuze mmene nkhani inathera. La Ohsawa libwerere mu chikwama kaye. Ndipo mankhwala anu musasiye ngakhale tsiku limodzi, mukasintha kadyedwe muwauze a dokotala kuti aziona shugayo, mwina muyeso wa mankhwala ungafunike kusintha."

Anandifunsa ngati ayenera kugula mpunga wa bulauni wa ku Japan umene anauona pa intaneti. Ndinati ayi. Zambewu zathunthu ndi zambewu zathunthu: oats ndi balere zimene zadzaza m'mashopu a ku Leeds, mgaiwa, mapira, mawere, kapena mpunga wa Kilombero wongochotsa mankhusu kwa amene ali kumudzi. Kwa munthu wa shuga ngakhale zathunthuzo zimafuna muyeso, theka la mbale limene Kushi amanena likhoza kukhala lochuluka, ndipo masamba ndi nyemba ndizo ziyenera kutenga malo aakulu. M'malo mwa nyemba za aduki pali khobwe, nandolo ndi nzama. M'malo mwa masamba a Chijapani pali bonongwe, nkhwani, khwanya, mpiru ndi chisoso, ndipo ku Leeds kumene aliko, kabichi ndi masamba otchedwa kale zilipo chaka chonse.

Chimene anadandaula nacho ndi kutafuna. Mabukuwa amati nthongo iliyonse itafunidwe ka 50 kapena kuposa, ndipo alamu anati nthawi yopuma kuntchito ndi mphindi 20 zokha. Tinagwirizana kuti ayambe ndi chakudya chamadzulo, atakhala pampando, foni ili kuchipinda, supuni aziika pansi akatapa. Sabata yatha ananditumizira chithunzi china: mbale ya balere ndi khobwe, masamba a kale owiritsa pambali, ndi kabotolo ka chitowe chosinja chimene anati choyamba chinapserera, ichi n'chachiwiri.